Boma la Miyezi Isanu ndi Inayi: Ramsay MacDonald ndi Nduna Zake, 1924

Pa 22 Januwale 1924 Mfumu George V ya ku Britain inaitana James Ramsay MacDonald ku nyumba yachifumu ya Buckingham, nimpatsa ntchito yakupanga boma. Munthu ameneyu anali mtsogoleri wa chipani cha Labour, ndiko kunena chipani cha antchito, ndipo kufikira tsiku limenelo anali asanakhalepo nduna ngakhale yaing'ono. Chipani chake sichinali chachikulu koposa m'Nyumba ya Malamulo. Chinali chachiwiri, ndipo aphungu ake sanakwane ngakhale limodzi la magawo atatu a nyumba yonse. Boma limene iye anapanga linakhala miyezi isanu ndi inayi ndi milungu iwiri, nilitha pa 4 Novembala chaka chomwecho.

Mbiri ya boma limeneli ndi yaifupi, koma iyankha mafunso awiri amene mphunzitsi wa mbiri yakale akomana nawo kawirikawiri. Loyamba ndi ili: kodi chipani cha aphungu owerengeka chingathe bwanji kulamula dziko popanda kuswa lamulo? Lachiwiri: kodi ana a anthu osauka, amene anasiya sukulu akali aang'ono nakagwira ntchito m'migodi ndi m'mafakitale, angathe kusenza ntchito ya unduna? M'chaka cha 1924 anthu ambiri a ku Britain anakayika kwambiri za funso lachiwirili, ndipo Winston Churchill anali atanena poyera kuti chipani cha Labour sichiyenera kulamula.

Masankho a 1923

Chipani cha Labour chinali chatsopano. Chinayamba m'chaka cha 1900 monga bungwe lofuna kutumiza antchito ku Nyumba ya Malamulo, ndipo chinatenga dzina la Labour m'chaka cha 1906, pamene chinapeza aphungu 29. Ndalama zake ndi mphamvu zake zinachokera ku mabungwe a antchito a m'migodi ya malasha, a panjanji, a padoko ndi a m'mafakitale oomba nsalu. Lamulo la 1918 litapatsa mphamvu yakusankha kwa amuna onse a zaka 21 ndi kwa akazi ambiri a zaka 30, chipanichi chinakula msanga, kotero kuti pa masankho a 1922 chinapeza aphungu 142.

M'chaka cha 1923 Nduna Yaikulu inali Stanley Baldwin wa chipani cha Conservative, ndipo anali ndi aphungu okwanira kulamula zaka zina zinayi. Koma anthu oposa miliyoni imodzi analibe ntchito, ndipo Baldwin anakhulupirira kuti mankhwala ake ndiwo kuika msonkho pa katundu wochokera ku maiko akunja, kuti katundu wopangidwa m'dzikomo agulidwe. Popeza mtsogoleri wakale wa chipani chake, Andrew Bonar Law, anali atalonjeza kuti chinthu chotere sichidzachitika osayamba wafunsa anthu, Baldwin anaitanitsa masankho, ndipo anachitika pa 6 Disembala 1923. Zipani za Labour ndi Liberal zinakana msonkhowo, ponena kuti udzakweza mtengo wa zinthu zimene osauka agula.

Nyumba ya aphungu osankhidwa, yotchedwa House of Commons, inali ndi mipando 615, chotero chipani chofuna kulamula chokha chinayenera kukhala ndi mipando 308. Pa masankhowo a Conservative anapeza 258, a Labour 191, a Liberal 158, ndipo mipando 8 inapita kwa ena. Panalibe chipani chimene chinafika pa theka.

Mwambo wa ku Britain ndi wakuti boma likhala kufikira Nyumba ya Malamulo italikana. Chifukwa chake Baldwin sanatule pansi udindo msanga, koma anadikira kuti aphungu asonkhane. Mphamvu yonse tsono inali m'manja mwa Herbert Asquith, mtsogoleri wa Liberal. Anthu achuma ambiri anamdandaulira kuti agwirizane ndi Baldwin atsekereze antchito, koma iye anakana. Anaona kuti sangachirikize munthu amene anangotsutsana naye pa nkhani ya msonkho, ndiponso anaganiza kuti ngati boma la Labour liyenera kuyesedwa, nthawi yabwino ndi imeneyo, pamene silikanatha kuchita kanthu popanda chilolezo cha a Liberal. Pa 21 Januwale 1924 aphungu 328 anakana boma la Baldwin, ndipo 256 okha ndiwo analivomera. M'mawa mwake Baldwin anatula pansi udindo.

A Labour ndi a Liberal sanapangane pangano lililonse, ndipo palibe phungu wa chipani cha Asquith amene analowa m'boma m'dzina la chipanicho. Boma latsopanolo linali ngati mkamwini pamudzi wa eni: munda alima, nkhokwe amanga, koma tsiku limene eni mudzi atopa naye, anyamula mphasa yake.

Nduna Yaikulu

Ramsay MacDonald anabadwa m'chaka cha 1866 ku Lossiemouth, mudzi wa asodzi kumpoto kwa Scotland. Amai ake anali wantchito wa m'nyumba, atate ake anali wantchito wa m'munda, ndipo awiriwa sanakwatirane. Mwanayo analeredwa ndi amai ake ndi agogo ake m'kanyumba kakang'ono. Anaphunzira pa sukulu ya ku Drainie, ndipo mphunzitsi wamkulu, poona nzeru zake, anamsunga kuti akhale wophunzira wothandiza kuphunzitsa anzake aang'ono. Sanapite ku yunivesite. Zina zonse anaziphunzira mwa kuwerenga yekha ndi pa maphunziro a madzulo ku London, kumene anagwira ntchito ya ukalaliki.

Nkhondo Yaikulu itayamba m'chaka cha 1914, MacDonald anatsutsa kuti Britain alowemo, ndipo anthu anamuda kwambiri namutcha wopereka dziko. Pa masankho a 1918 anataya mpando wake wa ku Leicester. Anabwerera ku Nyumba ya Malamulo m'chaka cha 1922 monga phungu wa Aberavon, ku Wales, nasankhidwa kutsogolera chipani. Mkazi wake Margaret anali atamwalira m'chaka cha 1911, chotero mwana wake wamkazi Ishbel ndiye anasamala nyumba ya Nduna Yaikulu ku Downing Street ndi kulandira alendo.

MacDonald anadzitengeranso unduna wa nkhani za maiko akunja. Ntchito ziwirizi zinamlemetsa, ndipo kutopa kwake kunaonekera pa zolakwa za miyezi yotsiriza.

Nduna zochokera kwa antchito

Bwalo la nduna zazikulu linali ndi anthu makumi awiri, ndipo mwa iwo awiri okha, Arthur Henderson ndi Lord Haldane, ndiwo anali atakhalapo kale pa bwalo lotere.

Philip Snowden, nduna ya chuma, anali mwana wa muomba nsalu wa ku Yorkshire. Anapunduka akali mnyamata ndipo anayenda ndi ndodo moyo wake wonse. Anali munthu wa lilime lakuthwa ndi woumira pa ndalama za boma, wodana ndi ngongole. Arthur Henderson, nduna ya za m'dziko, anaphunzira ntchito youmba zitsulo ndipo anali mlaliki wa mpingo wa Methodist. Iye ndiye anamanga chipani ndi kuchilongosola. Pa masankho a 1923 anali atagwa, ndipo anapeza mpando ku Burnley boma litayamba kale. J. R. Clynes, amene anayendetsa ntchito za boma m'Nyumba ya Malamulo pamene MacDonald anali kwina, anayamba ntchito m'fakitale ya thonje ku Oldham ali ndi zaka 10. J. H. Thomas, nduna ya maiko olamulidwa ndi Britain, anayamba ndi kupukuta injini za sitima yapamtunda, nakwera kufikira anakhala woyendetsa sitima, ndipo pambuyo pake mlembi wamkulu wa bungwe la antchito a panjanji. John Wheatley, nduna ya zaumoyo, anabadwira ku Ireland, nakulira ku Scotland, nalowa mumgodi wa malasha akali mwana. Stephen Walsh, nduna ya nkhondo, ndi William Adamson, nduna ya Scotland, nawonso anali anthu a m'migodi.

Pakati pa nduna zazing'ono panali Margaret Bondfield, amene anayamba ntchito yogulitsa m'sitolo. Iye ndiye mkazi woyamba kulandira udindo wa unduna ku Britain. Panalinso Clement Attlee, wothandiza nduna ya nkhondo, amene dzina lake linadzamveka patapita zaka makumi awiri.

Nduna zobwereka

MacDonald anafunanso anthu odziwa kale mayendedwe a boma, makamaka m'nyumba yachiwiri ya malamulo, House of Lords, m'mene chipani chake chinalibe anthu. Chotero anatenga Lord Haldane, amene anali nduna m'maboma a Liberal, kuti akhale mkulu wa zamalamulo. Lord Parmoor, amene kale anali phungu wa Conservative. Ndi Lord Chelmsford, amene anali Bwanamkubwa wa India, kuti ayang'anire zombo za nkhondo. Sydney Olivier, Bwanamkubwa wakale wa Jamaica, anakhala nduna ya India. Charles Trevelyan, mwana wa banja la minda yaikulu, amene anachoka ku Liberal nadza ku Labour, anapatsidwa maphunziro. Sidney Webb, mlembi wa mabuku ambiri onena za antchito, anapatsidwa malonda.

Aphungu ena a Labour, makamaka a ku Glasgow, anaipidwa poona mabwana otere m'boma la antchito, ndiponso poona atsogoleri awo atavala zovala zaulemu za ku nyumba yachifumu. Koma cholinga cha MacDonald chinali china. Anadziwa kuti boma lake silidzakhalitsa, ndipo anafuna kuti m'masiku owerengekawo anthu aone ndi maso kuti antchito atha kusunga dziko mwa mtendere ndi mwa mwambo. Mfumu George V inawalandira bwino, niuza anthu ake kuti nduna zatsopanozo zipatsidwe mpata wokwanira.

Zimene boma linachita m'dziko

Ntchito yoposa zonse inali ya Wheatley. Nkhondo itatha nyumba zinasowa kwambiri, ndipo mabanja ambiri anakhala m'chipinda chimodzi. Wheatley anasonkhanitsa eni ntchito zomanga ndi mabungwe a amisiri, nawagwirizanitsa kuti aphunzitse amisiri atsopano ambiri, iye nawalonjeza kuti ntchito idzakhalapo zaka zambiri. Lamulo lake linati boma lidzapereka mapaundi 9 pa chaka pa nyumba iliyonse, kwa zaka 40, kwa makhonsolo omanga nyumba zakuti antchito azikhalamo ndi lendi yochepa. Kumidzi thandizolo linali lokulirapo. Pofika 1933, pamene thandizoli linalekeka, nyumba zoposa 500,000 zinali zitamangidwa ndi lamulo limeneli.

Snowden anatsitsa msonkho wa shuga, tiyi, khofi ndi koko, zimene zinali pa tebulo la munthu aliyense, nachotsanso msonkho umene unaikidwa nthawi ya nkhondo pa magalimoto ndi mawotchi ochokera kunja. A Liberal anakondwera nazo. Ndalama zothandiza osowa ntchito zinakwezedwa: mwamuna kuchokera pa masheleni 15 kufika 18 pa mlungu, mkazi kuchokera pa 12 kufika 15. Panakhazikitsidwanso mabwalo oika malipiro a antchito a m'minda.

Trevelyan anamasula ndalama za maphunziro zimene maboma am'mbuyo anamanga, nachulukitsa malo aulere m'sukulu za sekondale, nabwezeretsa thandizo la boma kwa ophunzira osauka opita ku yunivesite. M'chaka chomwecho bungwe la alangizi lotsogozedwa ndi Sir Henry Hadow linayamba kufufuza za maphunziro a ana osinkhukirapo. Lipoti lake la 1926 linati maphunziro oyamba azitha pa zaka 11, ana onse napitirire ku sukulu ina, ndi kuti msinkhu wosiyira sukulu ukwere kuchokera pa zaka 14 kufika 15. Chachiwirichi chinachitika m'chaka cha 1947.

Koma pa nkhani ya kusowa ntchito, imene chipanichi chinalankhulapo koposa, boma linalephera. Linasiya anthu oposa miliyoni ali pakhomo monga linawapezera. Ndipo pamene antchito a padoko ndi a matramu a ku London ananyanyala ntchito, nduna zinakonzeka kugwiritsa malamulo a nthawi yangozi, monga boma lina lililonse likanachitira. Atsogoleri a mabungwe a antchito anadabwa ndi kukwiya.

Maiko akunja ndi Africa

M'chaka cha 1923 asilikali a France ndi Belgium analowa m'chigawo cha Ruhr ku Germany, chifukwa Germany anachedwa kulipira chindapusa cha nkhondo. MacDonald anaitanitsa msonkhano ku London m'miyezi ya Julayi ndi Ogasiti 1924, nagwirizanitsa Édouard Herriot wa ku France ndi nthumwi za Germany. Onse anavomera malipiridwe atsopano otchedwa ndi dzina la Charles Dawes wa ku America, ndipo France analonjeza kuchotsa asilikali ake chisanathe chaka. Ngakhale adani a MacDonald anamtama pa ichi. Mu Seputembala anapitanso yekha ku Geneva, ku msonkhano wa League of Nations.

Masiku a boma limeneli anakhudzanso Africa. Pa 1 Epulo 1924 dziko la Northern Rhodesia, limene lero ndi Zambia, linachoka m'manja mwa British South Africa Company nililowa pansi pa ofesi ya J. H. Thomas, ndipo Sir Herbert Stanley anakhala Bwanamkubwa woyamba; koma pangano lake linali litapangidwa kale ndi boma la Conservative. Thomas anatumizanso aphungu atatu, mmodzi wa chipani chilichonse, kukayendera Northern Rhodesia, Nyasaland, Tanganyika, Uganda ndi Kenya: William Ormsby-Gore, A. G. Church ndi F. C. Linfield. Iwo anabwerera kwawo boma limene linawatuma litagwa kale, ndipo lipoti lawo la 1925 linanenetsa za kufunika kwa njanji ndi misewu. Pa malamulidwe a maiko amenewa boma la antchito silinasinthe kanthu. Msonkho wa nyumba ndi mphamvu za Bwanamkubwa zinakhala monga kale.

Kugwa kwa boma

Chimene chinagwetsa boma ndi mantha a chikomyunizimu. Pa 1 Febuluwale 1924 MacDonald anavomereza boma la Soviet ku Russia, ndipo mu Ogasiti anapangana nalo mapangano a malonda, momwe munali mawu akuti Britain angadzathandize Russia kupeza ngongole. A Conservative ndi a Liberal onse anatsutsa. Nthawi yomweyo kunamveka kuti Alexander Grant, mwini fakitale ya mabisiketi ndi bwenzi la MacDonald la paubwana, anampatsa galimoto ndi chuma cholisamalira, ndipo kuti Grant analandira ulemu wa ufumu patapita miyezi yochepa. Nkhaniyi inadetsa dzina la Nduna Yaikulu.

Pa 25 Julayi nyuzipepala ya chikomyunizimu, Workers' Weekly, inasindikiza kalata yopempha asilikali kuti asaombere antchito anzawo. Loya wamkulu wa boma, Sir Patrick Hastings, analola kuti mkonzi wake, J. R. Campbell, azengedwe mlandu pa lamulo la 1797 loletsa kuutsa asilikali. Aphungu a Labour anakwiya, nduna zinakambirana, ndipo pa 13 Ogasiti mlandu unachotsedwa. Otsutsa anati boma laloza dzanja m'ntchito ya mabwalo a milandu kuti lipulumutse mnzake. MacDonald atafunsidwa m'Nyumba ya Malamulo, anayankha ngati sanadziwepo kanthu, ndipo pambuyo pake anayenera kukonza mawu ake. A Liberal anapempha kuti kabungwe ka aphungu kafufuze nkhaniyi. MacDonald anati ngati pempholo lipambana, boma lidzatula pansi udindo. Pa 8 Okutobala aphungu 364 anavomera kufufuzako, 198 anakana.

Masankho anaikidwa pa 29 Okutobala. Kutatsala masiku anayi, nyuzipepala ya Daily Mail inasindikiza kalata imene inati inalembedwa ndi Grigory Zinoviev, mkulu wa bungwe la achikomyunizimu a maiko onse ku Moscow, yolangiza anzake a ku Britain kukonzekera chipanduko. Zinoviev anakana kuti sanailembe, koma MacDonald anachedwa kulankhulapo momveka, ndipo kalatayo inamveka m'dziko lonse. M'chaka cha 1999 Gill Bennett, mkulu wa olemba mbiri a ofesi ya maiko akunja, atafufuza m'mabuku a boma, anapeza kuti kalatayo inali yabodza.

A Conservative anapeza mipando 412, a Labour 151, a Liberal 40. Komatu anthu osankha Labour sanachepe. Anachuluka ndi pafupifupi miliyoni imodzi. Amene anaphwanyika ndi a Liberal, pakuti anthu awo ambiri, poopa chikomyunizimu, anathawira kwa Baldwin, ndipo Asquith mwini anagwa ku Paisley. Iye amene anayesa kuti agwira chingwe cha mbuzi, ndiye anakokedwa nacho.

Za pambuyo pake

M'chaka cha 1929 Labour inakhala chipani chachikulu koposa, ngakhale sinafikebe pa theka, ndipo MacDonald anapanganso boma. Margaret Bondfield analowa m'bwalo la nduna zazikulu, mkazi woyamba kutero. Pa mavuto a chuma a 1931 MacDonald, Snowden ndi Thomas anagwirizana ndi a Conservative, ndipo chipani chimene anachimanga chinawachotsa. Wheatley anali atamwalira m'chaka cha 1930. Boma la Labour lokhala ndi aphungu oposa theka linadza m'chaka cha 1945, pansi pa Attlee. Chipani cha Liberal sichinatulutsenso Nduna Yaikulu chichokere David Lloyd George m'chaka cha 1922.

Mphunzitsi wofuna kufotokozera ana nkhani imeneyi achita bwino kuyamba ndi masamu. Alembe pabolodi 615, 258, 191, 158 ndi 8, ana apeze theka, ndipo aone okha kuti kukhala ndi ambiri kuposa anzako ndi kwina, kukhala ndi oposa theka ndi kwinanso. Akaphatikiza 191 ndi 158 adzapeza 349, ndipo adzamvetsa chifukwa chake Baldwin anagwa mu Januwale. Akaphatikiza 258 ndi 158 adzapeza 416, ndipo adzamvetsa chifukwa chake MacDonald anagwa mu Okutobala. Zitatero, awauze za kalata ya Zinoviev, ndi kuwafunsa chimene munthu ayenera kuchita akawerenga chinthu choopsa m'nyuzipepala masiku anayi masankho asanachitike.